Khoko Likakanirira m'Mfuti ya Cifefe

Kwa mafumu, nyakwawa ndi eni minda.

Cimanga cikayamba kukhwima, kumapeto kwa dzinja, adani a mlimi acuruka. Usana anyani ndi apusi atsika m'mapiri. Usiku nguluwe ndi nungu zilowa m'munda. Ndipo munthu amene anakhetsa thukuta miyezi inai akhoza kutaya cakudya ca ana ace m'masiku owerengeka okha. Cifukwa ca ici m'midzi ina muli munthu mmodzi kapena awiri amene Boma linawapatsa cilolezo ca kusunga mfuti ya cifefe, ndipo pa nyengo imeneyi maso a mudzi wonse ali pa iwo.

Tsono pali dandaulo limodzi limene eni mfuti abwera nalo kawirikawiri, ndilo lakuti ataomba kamodzi, khoko la cipolopolo likana kuturuka, ndipo sakhoza kuikamo cina. Ena ayesa kuti nkanthu kakang'ono. Si kakang'ono ai. Munthu amene walasa nguluwe osaipha, khoko liri cikanirire m'mfuti, wagwira ndodo cabe; ndipo nguluwe yolasidwa siithawa masiku onse, nthawi zina itembenukira woilasayo. Koma coopsya coposa ndi ici: munthu wotere, mtima uli m'mwamba, asolola mpeni kapena msomali nayamba kutokosa, napotoza mfuti uku ndi uku, mlomo wace uli kuloza mnzace wonyamula nyali.

Khoko silikanirira popanda cifukwa, ndipo cifukwaco cioneka pa khoko lomwelo kwa iye wodziwa kuliyang'ana. Monga mlimi azindikira nthenda ya mtedza poona makoko ace, comweco mwini mfuti azindikire nthenda ya mfuti yace.

Cimene Cicitika m'Kati mwa Mfuti

Cipolopolo ca cifefe ciri cotere. Kunja kuli khoko, limene thupi lace ndi la pulasitiki kapena la pepala lolimba, ndi thako lace la citsulo. Thakolo liri ndi mkombero wozungulira ngati wa licero. Pakati pa thako pali kabatani kakang'ono, kamene m'kabuku muno tikachula diso. M'menemo ndimo moto uyambira, kamsomali ka mfuti kakamenyapo. M'kati mwa khoko muli wonga, pamwamba pa wonga pali citsekero, ndi pamwamba pa citsekero pali njere za mtobvu.

Kumbuyo kwa mpope wa mfuti kuli malo otakasuka pang'ono m'mene cipolopolo cigona; malo awa tiwachula cipinda. Wonga ukapsya, mpweya wace ukankha mbali zonse ndi mphamvu yaikuru, ndipo khoko litupa nilikanikiza makoma a cipinda, kuti moto usabwerere kumaso kwa woomba. Ici ncabwino, ndi momwe analipangira. Njere zitaturuka, khoko liphwa pang'ono nilimasuka. Tsono ngati makoma a cipinda ali osalala ndi oyera, lituruka mosabvuta. Koma ngati ali ndi dzimbiri, khoko potupa lilowa m'timaenje ta dzimbirilo, nilimamatira monga nkhoko pansi pa mphika.

Cimene citurutsa khoko ndi kacitsulo kokhala pa khomo la cipinda, kogwira pansi pa mkombero; tikachula dzino. Koma mfuti zisiyana. Pa mfuti yothyola pakati, monga ya Baikal yopangidwa ku Izhevsk m'dziko la Russia, dzino likankha khoko pamene mfuti itseguka. Pa zina lingolitukula pang'ono kuti mwini alicotse ndi zala. Pa zina liri ndi sipiringi yolitaya kutali. Apa asocera ambiri: munthu wozolowera mfuti yotaya khoko yokha, akagwira ina yongotukula, ayesa kuti yaonongeka, pamene iri bwinobwino. Mfuti ya Greener yopangidwa ku Birmingham ku England, imene akulu ambiri aidziwa, iri ndi mkono pansi pace. Mukatsitsa mkonowo, citsulo cotseka cipinda cigwa nicimenya dzino. Mfuti iyi siifuna dzanja laulesi. Mukatsitsa mkono mozengereza, dzino silimenyedwa kokwanira, ndipo khoko lingosuntha pang'ono. Utsitseni kamodzi, msanga, kufikira pamapeto. Cimodzimodzi mfuti yopopa, ija yokoka cogwirira ca pansi pa mpope ndi kucibweza: kokani kufikira cigunde, ndipo pokhapo bwezani. Wokoka theka apanikiza khoko pa khomo pamodzi ndi cipolopolo catsopano. Cotero musanatsutse mfuti, yambani mwayesa dzanja lanu.

Pamene Khoko Lakana

Funso loyamba ndi ili: kodi mfuti inalira, kapena inangoti kha? Ngati munakoka koma siinalira, cimene ciri m'cipinda si khoko ai, koma cipolopolo camoyo. Musatsegule msanga. Zipolopolo zakale kapena zonyowa nthawi zina zicedwa kugwira moto, ndipo ziphulika mwini ataleka kale kuyembekeza. Gwiranibe mfuti paphewa, mlomo wace uloze kumene munalozako, ndipo muwerenge pang'onopang'ono kufikira 30. Kufikira 60 nkwabwino koposa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Pamenepo tsegulani, nkhope ndi zala ziri pambali, osati kumbuyo kwa cipinda. Ndipo musanyengedwe poona cipsyera ca kamsomali pa diso. Diso likhoza kumenyedwa, wonga uli wosapsya.

Cipolopolo camoyo cikakanirira, musacitokose ndi msomali kapena mpeni, pakuti nsonga ikaterereka igwera pa diso. Musacigogode ndi ndodo kucokera ku mlomo, pakuti dzanja lanu lidzakhala kutsogolo kwa njere. Musakakamizenso kutseka mfuti pa cipolopolo colowa theka ndi maganizo akuti muciombe cicoke. Yesani ndi zala zokha, kugwira mkombero. Cikakana, pa mfuti yothyola gulurani mpope kuucotsa ku tsinde, pakuti mpope wopanda tsinde ulibe comenyera diso. Mfuti ya mtundu wina muisiye yotsegula. Mupite nayo kwa mmisiri wa mfuti, kapena mufunse apolisi kuti akulozereni kwa wodziwa. Nchito ya mfuti usiku umenewo yatha. Menyani zitini ndi kusonkha moto m'mbali mwa munda, monga acitira anzanu opanda mfuti.

Koma ngati mfuti inalira ndithu, ndipo munamva kugunda kwace paphewa, khokolo liribe kanthu. Siyani mfuti yotsegula. Pa mfuti ya mipope iwiri yambani mwacotsa cipolopolo ca mpope winawo, ndi pa yopopa mucotse zonse za m'nkhokwe yace. Tengani ndodo yoongoka ya mtengo kapena ya nsungwi, yotalika kuposa mpope, yonenepa ngati cala cacing'ono, yosasongoka kunsonga. Muilowetse ku mlomo kufikira ikhudze pansi pa khoko m'kati, ndipo mugogode pang'onopang'ono. Kawirikawiri kugogoda kawiri kapena katatu kukwanira. Likalimba, donthezani parafini pang'ono mozungulira khoko, mudikire monga nthawi ya kuphika nsima, muyesenso. Waya kapena mtengo wacitsulo ai, cifukwa citsulo cikanda mpope. Kupana mkombero ndi mpeni nakonso kubenthula dzino ndi khomo la cipinda, ndipo mawa bvuto lidzakula. Mlenje wanzeru asema ndodo iyi dzinja lisanafike, naisiya ku cirindo.

Nthawi zina mfuti yothyola ikana ngakhale kutseguka itaomba. Kawirikawiri ndi kamsomali kamene kalowa m'diso nikakana kubwerera, cifukwa ca litsiro kapena sipiringi yace yathyoka. Musaithyolere pa bondo ndi mphamvu, mudzadula kamsomaliko. Lozani pabwino, kankhani cotsegulira, gogodani pambali ndi cikhatho. Ikakanabe, ndi ya mmisiri. Nthawi zinanso dzino licotsa thako lokha, thupi la khoko nilitsala m'cipinda. Ici sicioneka msanga usiku. Cifukwa cace yang'anani masiku onse ngati caturukaco ndi khoko lathunthu. Cotsalaco cituruka mukakankha burashi kapena nsanza yothina kucokera ku mlomo.

Khoko litaturuka, musaikemo cipolopolo cina musanasuzumire mumpope kucokera kumbuyo, mutaulozetsa kowala. Makamaka citani ici ngati mfuti inalira mofooka, ndipo siinakugundeni monga mwa masiku onse, pakuti pamenepo citsekero cikhoza kutsala pakati pa mpope. Kuomba cina pambuyo pace kutupitsa mpope kapena kuung'amba, ndipo kumbukirani kuti dzanja lanu lamanzere ligwira pomwepo. Matope olowa ku mlomo munthu akagwa acita cimodzimodzi. Ateronso mabvu aja oumba nyumba ndi dothi, amene akonda kwambiri mfuti yopacikidwa m'nyumba miyezi yambiri.

Zimene Khoko Likuuzani

Tsopano tengani khoko lija muliyang'ane kowala.

Mukaona mizere yokandika m'litali mwace, kapena mawanga ofiira ndi akuda, kapena khungu lace lokhakhala ngati tsamba la dzungu, nthenda iri m'cipinda. Ndipo iyi ndiyo nthenda yoyamba kuiganizira. Eni mfuti ambiri apukuta mpope nauwalitsa, koma cipinda acisiya osadziwa, cifukwa nsanza yokwana mumpope idutsa m'cipinda osakhudza makoma ace. M'menemo muunjikana mwaye wa wonga, zotsalira za pulasitiki kapena phula la makoko a pepala, ndi dzimbiri la m'dzinja. Mankhwala ace ndi awa. Ng'ambani ndodo kunsonga, mupanirepo nsanza yaikuru yonyowetsa ndi parafini, yolowa m'cipinda mothina, ndipo muzungulize kufikira nsanza yatsopano ituruke yoyera. Dzimbiri likakhala lokakamira, kulungani pa ndodo waya wofewetsetsa uja wofanana ndi thonje, umene amisiri a matabwa asalazira mipando, mutaudontheza mafuta. Wokhakhala wotsukira mapoto ai. Musayese mcenga, phulusa, tupa kapena sandipepala. Izi zidya citsulo, ndipo cipinda cikakula sicibwereranso. Khoko liri lonse lidzatupa koposa kale.

Mutatsuka, pakani mafuta pang'ono, a mfuti kapena a makina osokera, ndipo musanaombe pukutani cipinda ciume. Mafuta ocuruka akoka pfumbi, ndiponso akhoza kulowa m'cipolopolo nacipha. Mafuta ophikira, a mtedza kapena a nsatsi, musapake konse. Auma nasanduka ulimbo, nagwira dzino ndi kamsomali. Pansi pa dzino sesanipo ndi nthenga ya nkhuku, pakuti kamcenga kamodzi kokha kaletsa dzino kukhala pamalo pace.

Mukaona thako lacita dzimbiri, kapena thupi lotupa, nthenda iri m'zipolopolo. Kale makoko ambiri anali a pepala lopaka phula, ndipo m'dzinja anali kumwa cinyezi natupa. Makoko a pulasitiki anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Remington ku America m'caka ca 1960, ndipo lero ndiwo acuruka. Iwo saopa mvula ngati a pepala, koma ali nako kufooka kwao. Thako la ambiri a iwo lioneka ngati mkuwa, koma ndi citsulo congopakidwa mkuwa pamwamba. Yesani ndi maginito, mudzaona igwira. Citsulo cicita dzimbiri, ndiponso cikatupa sicibwerera bwino monga ucitira mkuwa. Cotero cipinda cokhakhala pang'ono, cimene cinali kulekerera makoko amkuwa, cikhoza kugwira acitsulo. Ngati zipolopolo za mtundu umodzi zikanirira pamene za mtundu wina zituruka bwino, tsukani cipinda, ndipo zikaterobe, sinthani mtundu. Sungani zipolopolo m'citini cotseka bwino, pouma, pokwezeka, kutali ndi moto ndi ana. Osati kunsi kwa mphasa, kapena kutsindwi kwa nyumba yodontha, kapena m'thumba la malaya m'mene zimwa thukuta sabata ndi sabata. Cipolopolo cabwino cilowa m'cipinda cokha ndi kulemera kwace. Cimene cifuna kukankhidwa ndi cala cacikuru polowa cidzafuna ndodo poturuka, musaciombe.

Koma mukaona kukamwa kwa khoko kong'ambika, kapena kofinyika ngati kwatafunidwa, ndipo mfuti inakugundani koposa masiku onse, lekani kuomba pomwepo. Cipolopolo catalika koposa cipinda. Pa ici tifuna mumvetse bwino, pakuti pali msampha. Zipinda za mfuti za nambala 12 kawirikawiri ziri za misinkhu itatu: mamilimita 65, ndiwo mainchi 2½, mamilimita 70, ndiwo mainchi 2¾, ndi mamilimita 76, ndiwo mainchi 3. Muyeso uwu ndi wa khoko lotseguka litaomba, si wa cipolopolo cotseka ai. Cipolopolo ca 70 cisanaombedwe ndi cacifupi, popeza kukamwa kwace nkopindidwa. Cotero cilowa bwinobwino m'cipinda ca 65, ndipo mfuti itseka osadandaula. Mwini ati, cakwana. Koma pa kuomba kukamwako kufunyuluka, nikufika pamene cipinda cayamba kucepa kulowa mumpope. Njere ndi citsekero zipanikizika podutsa, mphamvu ya mpweya ikwera, khoko nilikanirira. Ndipo mfuti yakale yozunzidwa cotero igwedera msanga, kapena kuposa apo.

Mfuti zakale zambiri za ku England ndi za 65, pamene zipolopolo zocuruka za masiku ano ndi za 70. Cifukwa cace mwini wa mfuti ya colowa, imene anasiya atate ace kapena atsibweni ace, ayenera kucenjera koposa onse. Muyeso wa cipinda audinda pa mpope. Pa mfuti yothyola kawirikawiri uli kunsi, ndipo uoneka mutagulula mpope. Mukaona 12/70, ndiye kuti mfuti ndi ya nambala 12, cipinda cace mamilimita 70. Muyeso wa zipolopolo uli pa bokosi lao. Cacifupi m'cipinda cacitali ncololeka. Cacitali m'cipinda cacifupi ai. Ngati zodinda zafufutika, mmisiri ayese cipinda ndi cida cace.

Nanga nambala 12 itanthauzanji? Opanga mfuti akale anatenga paundi imodzi ya mtobvu naigawa mipira 12 yofanana. Mpira umodzi wotere ndiwo ukwana mumpope wa mfuti iyi, umene kupingasa kwace kuli ngati mamilimita 18 ndi theka. Motero nambala ikakula, mpope ucepa: ya 16 ndi yaing'ono, ya 20 yaing'ono koposa. Cipolopolo ca 16 m'mfuti ya 12 cikhoza kupitirira dzino, ndipo khoko lace ling'ambika pa kuomba. Ca 20 ndico coopsyetsetsa. Citsetsereka kupyola cipinda nicikaima mumpope. Mwini poona cipinda copanda kanthu ayesa kuti anaiwala kuikamo, naika ca 12 pambuyo pace, ndipo mpope uphulika. Opanga ambiri apanga za 20 zacikasu, koma musadalire maonekedwe. Werengani nambala pa thako. Mwini mfuti ya 12 asasunge za 20 m'thumba mwace, ngakhale zikhale za mphatso.

Catsala ndi khoko losalala, lopanda banga, limene lituruka mosabvuta ndi ndodo, koma dzino lilisiya. Yang'anani mkombero. Ngati uli ndi kacipsyera pamene dzino linaterereka, dzino latha kapena labenthuka, kapena mfuti yayamba kugwedera pa mfundo yace. Tsekani mfuti yopanda cipolopolo, muigwire ku tsinde ndi kuigwedeza; mukamva mpope uli gwedegwede, kapena mukaona kuwala pakati pa mpope ndi citsulo ca kumbuyo kwace, musaombenso. Iyi ndi nchito ya mmisiri wa mfuti yekha. Wosula makasu ndi wokonza njinga, ngakhale ali aluso pa nchito zao, asakusulireni dzino la msomali. Ndipo mfuti yomanga ndi waya kapena mphira siiyenera kupita kumunda.

Makoko Otha Nchito

Tolani khoko liri lonse. Ngati mfuti yanu ndi yotaya yokha, phimbani khomo la cipinda ndi cikhatho potsegula, kuti ligwere m'dzanja. Samalani, thako likhala lotentha. Ndipo werengani. Mukacoka kunyumba ndi zipolopolo 5, pobwera zamoyo ndi makoko pamodzi zikwane 5. Cikasowa cimodzi, kapena ndi camoyo cimene cagwera m'udzu, ndipo cidzapezedwa ndi mwana, kapena ndi khasu, kapena ndi moto wa lupsya.

Makoko a pepala anali kubvunda okha, koma a pulasitiki akhala m'munda zaka ndi zaka, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zikameza pulasitiki, ikhala m'cifu niziondetsa. M'kati mwa khoko mutsala mwaye wa wonga ndi pfumbi la mtobvu. Mtobvu ndi ciphe cimene ciunjikana m'thupi pang'onopang'ono, nicononga magazi ndi ubongo, makamaka wa ana. Tidziwa kuti khoko ndi kanthu kokongola, ndipo m'mudzi kanthu kotere sikataika. Koma agogo asasungiremo fodya wa mphuno, amai asayesere mcere, soda kapena mankhwala, ndipo ana asaliike pakamwa kuliliza. Pa ana palinso cina. Mwana wozolowera kusewera ndi makoko sadzaopa cipolopolo camoyo, ndipo tsiku lina adzacigogoda ndi mwala kuti aone za m'kati. Mutagwira makoko kapena kutsuka mfuti, sambani m'manja musanadye. Ndipo nyama yophedwa ndi cifefe muicotse njere zonse pamodzi ndi mnofu wozungulira bala musanaiphike.

Makoko akhale ndi thumba lao, losiyana ndi la zipolopolo zamoyo. Amene anakanirira muwasunge, kuti mmisiri akawaone pamodzi ndi mfuti. Adzamuuza zambiri koposa mau anu. Enawo, mutasuzumira m'liri lonse ndi kuona kuti ndi lotseguka ndi lopanda kanthu, phwanyani thupi lace ndi mwala, osamenya pa diso, ndipo muwakwirire m'dzenje lakuya kutali ndi citsime. Musawatenthe, utsi wace ngwoipa, ndiponso camoyo cimodzi cikhoza kubisala pakati pao. Zipolopolo zimene zinakana kulira ziri zamoyobe. Musaziponye pa moto, m'cimbudzi kapena mumtsinje, ndipo musazitumbule. Zisungeni pazokha, mukazipereke kwa apolisi kapena kwa wogulitsa wololedwa.

Pali anthu ena amene atola makoko kuti awadzazenso ndi wonga wa gogodera kapena zina zopezapeza, ndi tizitsulo m'malo mwa njere. Makoko otere ndiwo akanirira koposa onse, popeza thako linatupa kale ndipo thupi linafooka. Wonga wa m'zipolopolo za ku fakitale ndi wa mtundu wina, ndipo auyesa pa sikelo. Woyesa ndi maso lero acepetsa, citsekero nicitsala mumpope, mawa acurutsa, mpope nung'ambika. Ndiponso kupanga zipolopolo popanda cilolezo ndi mlandu. Wosiya makoko m'munda adyetsa anthu otere, pamodzi ndi mbala ndi opha nyama mozemba. Dziwaninso kuti kamsomali ka mfuti iri yonse kasiya cipsyera caceace pa diso, ndipo akatswiri a polisi akhoza kuzindikira mfuti imene inaomba khoko. Khoko lanu likapezeka pa malo a mlandu, mafunso adzayamba ndi inu.

Kwa Inu Mafumu

M'Malawi lamulo la mfuti la caka ca 1967 lifuna kuti wosunga mfuti ndi zipolopolo akhale ndi cilolezo, cimene cipezeka kupyolera kwa apolisi. Ndipo lamulo la caka ca 1992 la nkhalango zosungira nyama ndi nyama za kuthengo liteteza nyama zambiri. Cilolezo ndi ca munthu mwini wace, si ca mudzi wonse. Cotero mfuti isabwerekedwe kwa mphwace kapena mkamwini, amene sadziwa makhalidwe ace. Njobvu, mvuu kapena njati zikalowa m'minda, tumizani mthenga msanga kwa akuluakulu oyang'anira nyama za kuthengo. Cifefe sicikhoza nyama zotere. Cingozilasa ndi kuzikwiyitsa.

Tikupemphani kuti m'mwezi wa Januwale muitane eni mfuti a m'mudzi mwanu ku bwalo, ali yense ndi mfuti yace yotsegula ndi yopanda cipolopolo. Muone cilolezo. Musuzumire nokha m'cipinda ndi mumpope. Mwini akuonetseni nambala ya pa mpope ndi ya pa bokosi la zipolopolo, kuti zigwirizana. Aikemo khoko lopanda kanthu limene linaombedwa m'mfuti yomweyo, atseke, atsegule, kuti anthu onse aone ngati dzino ligwira. Akuonetseninso ndodo yace ndi thumba lace la makoko. Mfuti imene ilephera pa ciyeso ici ipite kwa mmisiri mwezi womwewo, cimanga cisanaturutse ngaiyaye.